Kuimba Foni, Kulemba Uthenga Kapena Kukwera Chapa: Dandaulo Lanu Lingamveke Kuti Kuno ku Tete?

Munthu amene anachoka m'chigawo chino cha Tete zaka makumi awiri zapitazo n'kubwerako lero akhoza kudabwa ndi mmene mafoni afalikira. Kampani ya mcel, imene pambuyo pake inaphatikizana ndi kampani ya boma ya mafoni ya TDM n'kukhala Tmcel, inayamba ntchito mu 1997, Vodacom inabwera mu 2003, ndipo Movitel, imene inayamba mu 2012, inazika mitengo ndi kukoka nthambo mpaka kumidzi kumene kale munthu ankachita kukwera pachulu kuti apeze netiweki. Lero mlimi wa mbatatesi ku Tsangano amamva mtengo wa mumzinda wa Tete asanakweze thumba ndi limodzi lomwe pagalimoto, mayi wa ku Furancungo amalandira ndalama kwa mwana wake wogwira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize asanachoke pakhonde, ndipo magetsi a Credelec timagula usiku tili chigonere. Zonsezi n'zoyamikika. Chimene chatsalira m'mbuyo ndi thandizo limene munthu amalandira zinthu zikalakwika, makamaka ngati akuyembekezera kulilandira pa foni yomweyo. Ndalama zimayenda m'kamphindi kuchoka ku Maputo kufika ku Domué, koma dandaulo la ndalama zomwezo likhoza kutha milungu likuzungulira.

Njira zoperekera dandaulo zilipo zingapo: kuimba nambala ya kampani, kudzithandiza wekha ndi timanambala ta nyenyezi, kufunsa ajenti wa pamsika, kupita kuloja (sitolo) ya kampani, kulemba uthenga pa intaneti, ndiponso kukasuma kwa amene boma linawaika kuti aziyang'anira makampaniwa. Anthu ambiri amataya nthawi ndi ndalama chifukwa amatengera vuto lililonse kunjira imodzi yomweyo, nthawi zambiri imene ili pafupi, chikhalirecho njira iliyonse ili ndi zimene imatha ndi zimene singathe ngakhale munthu atachonderera chotani.

Kuimba foni ndi kumene aliyense amayambira, ndipo n'kumenenso anthu ambiri amakhumudwira. Amene amayamba kuyankha si munthu koma mawu ojambulidwa, amene amatchula mwaliwiro kuti pa nkhani yakuti dinani wani, pa nkhani yakuti dinani thuu, ndipo pambuyo pa batani lililonse pamabweranso mndandanda wina. Makampani padziko lonse anaika makinawa kuti achepetse chiwerengero cha mafoni ofika kwa ogwira ntchito, chifukwa foni iliyonse yoyankhidwa ndi munthu imawadyera ndalama. Motero njira yofikira kwa munthu weniweni imakhala kumapeto kwenikweni, ndipo nthawi zina satchula n'komwe. Kwa ife kuno vuto limakula chifukwa cha chinenero. Malamulo aakulu a dziko lino amati Chipwitikizi ndicho chinenero cha boma, ndipo malikulu a makampani onse atatu ali ku Maputo, makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera mumzinda wa Tete. Komatu kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu ambiri m'Mozambique sanayamwire Chipwitikizi, ndipo ku Angónia, Macanga, Tsangano ndi Chifunde munthu akapanikizika amaganiza ndi kudandaula m'Chichewa. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa Chipwitikizi chogulira sopo pamsika ndi Chipwitikizi chofotokozera kuti ndalama zinachoka mufoni koma sizinafike kumene zimapita.

Ndinaona zimenezi pafupi tsiku lina pamsika wa ku Ulongué. Mayi wina wachikulire, wogulitsa nyemba, anali atatumiza ndalama za sukulu kwa mdzukulu wake koma analakwitsa nambala imodzi. Mnyamata wogulitsa pafupi naye anamuimbira nambala ya kampani n'kumupatsa foni, ndipo mayiyo anaigwira ndi manja awiri, akumvetsera nyimbo imene inkangobwerezabwereza. Munthu atayankha, mayiyo anayamba ndi moni monga mwa ulemu wake, n'kunena kuti, “Pepani bambo, ndine wa kuno ku Angónia, ndalama zanga zasochera.” Wa mbali inayo anayankha m'Chipwitikizi, ndipo mayiyo anabweza foni kwa mnyamatayo akuti, “Mwanangu, talankhula ndiwe, ine sindikumva.” Mnyamatayo anayesetsa, koma atafunsidwa dzina lonse la mwini nambala ndi tsiku lake lobadwa, zinapezeka kuti layiniyo inalembetsedwa m'dzina la mwamuna wa mayiyo, amene anali kumunda. Akufunsana zimenezi foni inaduka. Ataimbanso, nyimbo ija inayambira poyamba, ndipo amene akanayankha akanakhala munthu wina wosadziwa kalikonse za nkhaniyo.

Sindikhulupirira kuti achinyamata amene amayankha mafoniwa ndi ouma mtima. M'malo ambiri otere wogwira ntchito amayesedwa ndi kuchuluka kwa mafoni amene wayankha komanso kufupika kwa foni iliyonse, amapatsidwa mawu oti azitsatira, ndipo mphamvu zake pa kompyuta zimakhala zochepa. Akhoza kuona kuti ndalama zanu zinapita kuti, koma kuzibweza ndi ntchito ya gulu lina limene iye amangolilembera. N'chifukwa chake yankho lofala ndi lakuti dandaulo lalembedwa, dikirani maola akutiakuti, pepani chifukwa cha vutoli. Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda, ndipo n'zoona, komabe kumukalipira munthu ameneyu sikufulumizitsa kanthu. Chimene mungatenge kwa iye, ndipo musadule foni musanachitenge, ndi nambala ya dandaulo lanu. Mufunseni mwaulemu kuti aitchule pang'onopang'ono kapena aitumize pa uthenga, mulembenso dzina lake, tsiku ndi ola. Popanda nambala imeneyi, ulendo uliwonse mukaimba mumakhala ngati mukuyamba kumene.

Ngakhale ili ndi zofooka zonsezi, pali nthawi zimene foni imaposa njira zina zonse, ndipo ndi pamene nkhani ili ya liwiro. Foni yanu ikabedwa m'chapa (minibasi), mukazindikira kuti mwauza munthu wachinyengo PIN yanu, kapena mukatumiza ndalama kunambala yolakwika, musayembekezere kuti kuche kuti mupite kuloja. Bwerekani foni ya mnzanu ndipo imbani nthawi yomweyo kuti atseke layiniyo kapena aimitse ndalamazo, chifukwa wolandira molakwikayo akangopita kwa ajenti n'kuzitapa, kuzibweza kumavuta kwambiri ndipo nkhani imasanduka ya kupolisi. Musanaimbe, ikani pafupi BI (chitupa cha unzika) ya mwini layini ndi uthenga umene unabwera mutatumiza ndalama, umene umakhala ndi nambala ya ntchitoyo, kuchuluka kwa ndalama ndi nthawi yake. Imani pamalo pamene netiweki ndi yolimba, onetsetsani kuti batire lili ndi moto, ndipo ngati Chipwitikizi chimakuvutani, khalani ndi mwana kapena mnansi wokhulupirika amene mwamufotokozera kale nkhani yonse. Pa zimene ndaona, m'mamawa kwambiri mzere umakhala waufupi kusiyana ndi masana kapena masiku olandira malipiro. Pa mavuto amene sathamanga, monga mamega otha msanga kapena kiredito yodulidwa mosadziwika, foni ingokuthandizani kutsegula dandaulo, koma musaike mtima wonse pamenepo.

Timanambala ta nyenyezi, monga *150# ya M-Pesa kapena *898# ya e-Mola, sitifuna intaneti ndipo timagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani. Ndi tabwino poona ndalama zotsala, ntchito zomaliza zimene mwachita, kapena kusintha PIN. Zinthu zambiri zimene anthu amaimbira foni zimapezeka m'menemu, ndipo ndi bwino kuyang'anamo kaye, makamaka ngati kiredito ikutha yokha, popeza kawirikawiri chimakhala chinthu china chimene munalembetsa mosadziwa, monga nyimbo zoitanira kapena mauthenga a mpira. Koma makina amenewa samva dandaulo. Amangoonetsa zimene zilipo.

Ajenti ndiye amene ali pafupi ndi mtima wa anthu, ndipo n'zomveka. Amakhala pansi pa ambulera pakhomo la msika, amalankhula chinenero chathu, amadziwa kuti ndinu mayi a uje, ndipo samakuikani pa nyimbo. Ajenti wozolowera ntchito amadziwa msanga ngati vuto ndi la netiweki ya tsikulo, chifukwa anthu khumi amakhala atamuuza kale zomwezo, ndipo zimenezi zokha zikhoza kukupulumutsani ulendo wopanda pake. Amathanso kukuwerengerani uthenga wa Chipwitikizi ndi kukuthandizani kuimba. Chofunika kumvetsa n'chakuti ajenti si wantchito wa kampani ayi, koma ndi wamalonda wodziimira payekha amene amalandira kangachepe pa ndalama zimene anthu aika kapena kutapa. Alibe mphamvu yotsegula akaunti yotsekedwa, yobweza ndalama zosochera kapena yosintha dzina la mwini layini. Wina akakulonjezani kuti akonza zonsezi mukamupatsa kenakake, kapena akapempha kuti mumusiyire foni ndi PIN kuti ayesere madzulo, chokanipo. Ajenti ambiri ndi anthu oona mtima amene amateteza mbiri yawo pamsika, koma PIN siuzidwa munthu aliyense, ngakhale amene mumapemphera naye. Vuto likakhala pakati pa inu ndi ajenti yemweyo, monga kuti watapa ndalama zambiri kuposa zimene wakupatsani, lembani nambala yake ya uajenti imene imakhala pachikwangwani, chifukwa ndi imene kampani idzafunse.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa kwambiri pa nkhaniyi. Kufooka kwa thandizo la pa foni kwatsegulira mpata akuba. Munthu amene wakhala akulephera kupeza wa kampani amasangalala foni ikalira ndipo wina waulemu akuti, “Muli bwanji bambo? Ndikuimba kuchokera kukampani, taona kuti akaunti yanu ili ndi vuto.” Wakubayo sachedwa kuyankha, safulumira kudula, amalankhula Chichewa kapena Chinyungwe chomveka bwino, ndipo amakhala ndi nthawi yonse yofotokozera nkhalamba batani loti idine. Amachita zonse zimene kampani yeniyeni ikanayenera kuchita, n'chifukwa chake anthu amamukhulupirira. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti kampani sipempha PIN kapena nambala yachinsinsi imene yabwera pa uthenga, ndipo uthenga wakuti “ndalama ija tumizani panambala iyi” ndi msampha wakale umene ukugwirabe anthu. Wina akakuimbirani motero, dulani, kenaka imbani nokha nambala imene yalembedwa pakhadi la kampani.

Loja ya kampani ndi imene ine ndimaiika patsogolo pa vuto lililonse lokhudza umwini wa layini kapena ndalama zochuluka. Chifukwa chake n'chakuti kumeneko munthu amakuonani, amagwira BI yanu m'manja, ndipo mafunso onse otsimikizira kuti ndinu mwini amene amadya nthawi pa foni amatha m'kanthawi kochepa. Khadi latsopano la nambala yakale, kukonza dzina lolembedwa molakwika, zonsezi mapeto ake ndi pakauntala, ndipo ngakhale mutaimba foni amakuuzani kuti mupite komweko. Wogwira ntchito wa m'loja ya m'boma lanu kawirikawiri amamva chinenero cha kumeneko, ndipo ngati iye samva, mlonda kapena wina wa pamzere amamasulira. Chinanso n'chakuti munthu amene mwaima pamaso pake sangaduke ngati foni. Mukhoza kupempha kuonana ndi mkulu wa lojayo, mukhoza kubweranso mawa n'kupeza munthu yemweyo, ndipo mukhoza kutuluka ndi pepala. Pepalalo muzilipempha nthawi zonse, likhale ndi tsiku ndi chidindo kapena siginecha.

Mtengo wa njira imeneyi ndi ulendo, ndipo kuno si nkhani yaing'ono. Wokhala mumzinda wa Tete kapena ku Moatize amakwera txopela (njinga yamoto ya mateyala atatu) n'kufika, vuto lake ndi mzere ndi dzuwa la m'chigwa cha Zambezi, limene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40. Koma wa kumidzi ya ku Chifunde kapena Marávia ayenera kuwerengera chapa yopita ndi yobwera, chakudya cha panjira, tsiku lotayika kumunda, ndipo nthawi ya dzinja msewu womwewo ukhoza kukana. Kuchokera ku Ulongué kufika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200. Ngati ndalama zotayika ndi mameticais 200 ndipo ulendo udya zoposa pamenepo, nzeru yake ndi yodziwikiratu, ndipo ndikuganiza kuti ndalama zambiri za anthu osauka zimathera m'njira imeneyi, pang'onopang'ono, popanda wodandaula. Amene watsimikiza kupita afunse kaye ngati loja ya paboma imatha kuchita chimene akufuna, chifukwa malo ena ang'onoang'ono amangogulitsa makhadi ndi mafoni. Atenge BI yeniyeni, foni imene ili ndi mauthenga onse, ndi nambala ya dandaulo ngati anaimba kale. Chachikulu koposa, apite mwini layini. Mabanja ambiri kuno akugwiritsa ntchito nambala zimene zinalembetsedwa m'dzina la mwamuna, la mwana amene ali ku Joni, kapena la mnyamata amene ankagulitsa makhadi pamsewu, ndipo tsiku la vuto kampani imalankhula ndi amene dzina lake lili m'kaundula basi. Ndi bwino kukonza zimenezi lero zinthu zili bwino, pa ulendo umene mwapitira zina kuboma, kusiyana ndi kudzazindikira ndalama za fodya kapena soya zili kale mkati.

Kulemba uthenga pa WhatsApp, pa tsamba la Facebook la kampani kapena pa imelo ndi njira imene achinyamata akuikonda, ndipo ili ndi ubwino umodzi umene foni ilibe: zonse zimatsala zolembedwa. Mukhoza kutumiza chithunzi cha uthenga wa ndalama, mukhoza kulemba modekha mothandizidwa ndi mphunzitsi kapena mwana wa sekondale, ndipo netiweki ikaduka zokambirana sizitayika. Tsiku lina mukadzafuna kupita patsogolo ndi nkhaniyo, umboni uli m'manja. Kudandaula poyera pa tsamba la kampani nthawi zina kumafulumizitsa yankho, chifukwa palibe kampani imene imakonda kuti anthu ena aziwerenga madandaulo osayankhidwa. Zofooka zake ziliponso. Pamafunika foni yaikulu, mamega ndi luso lolemba Chipwitikizi, zimene zimasiya kunja anthu omwewo amene foni inawakanika kale. Koyamba amayankha ndi makina, amene amabwereza mafunso omwewo mpaka mutapempha munthu. Ndipo masamba abodza okhala ndi chizindikiro cha kampani ndi ambiri, moti munthu akalemba dandaulo poyera pamodzi ndi nambala yake, akuba amamuimbira posakhalitsa akunamizira kuti abwera kudzathandiza. Poyera lembani vuto lokha. Nambala ndi chithunzi cha BI zipite mseri, ndipo pokhapokha mutatsimikiza kuti tsambalo kapena nambala ya WhatsApp ndi imene yalembedwa m'loja kapena pa zikalata za kampani.

Mavuto ovuta kwambiri ndi amene ali pakati pa makampani awiri. Mwagula magetsi ndi ndalama za pa foni, ndalama zachoka, koma uthenga wa manambala 20 olowetsa m'mita sunabwere. Kapena mwasamutsa ndalama kuchoka kubanki kupita pa foni ndipo zatsakamira panjira. Pamenepa n'zosavuta kuti mbali iliyonse ikutumizeni kwa inzake, ndipo pa foni mukhoza kuzungulira mpaka kutopa. Langizo langa n'lakuti muyambe ndi amene wadula ndalama zanu, chifukwa ndiye ali ndi umboni wakuti zinachoka ndiponso kumene zinapita. Mupempheni akuuzeni momveka ngati ntchitoyo inatheka kapena inalephera. Ngati inalephera, kubweza ndi udindo wake. Ngati akuti inatheka, tengani nambala ya ntchitoyo mupite nayo kumbali inayo pamodzi ndi nambala ya mita kapena ya akaunti. Pa nkhani zotere kulemba kapena kupita pakauntala kumaposa kuimba, popeza mumafunika mawu a mbali imodzi oti mukaonetse mbali inayo.

Anthu a m'malire, ku Zóbuè, Calómuè, Biri-Biri ndi midzi yotsatira msewu wa Dedza ndi Ntcheu, ali ndi vuto lawolawo. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki, imatha kugwira nsanja ya ku Malawi munthu ali m'munda mwake mbali ya kuno, ndipo kiredito imadyedwa pa mtengo wa munthu amene ali kunja kwa dziko. Kufotokozera zimenezi munthu amene sanaonepo malire odutsa pakati pa msika n'kovuta, chifukwa kompyuta yake imangoonetsa kuti munali ku Malawi. Apa kupewa kumaposa dandaulo lililonse: lowani m'makonzedwe a foni, sankhani nokha netiweki ya kampani yanu, ndipo tsekani intaneti ya kunja. Amene ali ndi khadi la Airtel kapena TNM akumbukirenso kuti madandaulo a makhadi amenewo amapita ku Malawi, ndipo mabungwe a boma la Mozambique alibe mphamvu pa iwo.

Kampani ikakhala chete kapena ikapereka yankho losakhutiritsa, lamulo lili kumbali ya wogula, ngakhale ambiri sadziwa. Ndime 92 ya malamulo aakulu a dziko imatchula ufulu wa ogula, ndipo lamulo loteteza ogula, nambala 22/2009, limafotokoza ufulu wolandira ntchito yabwino, wouzidwa zoona ndi wobwezeredwa zimene munthu wataya. M'malo ochitira malonda mumayenera kukhala buku la madandaulo, limene pakauntala amalidziwa kuti livro de reclamações, ndipo kungolipempha modekha nthawi zambiri kumasintha mmene akukulandirirani. Pamwamba pa makampani a mafoni pali INCM, bungwe limene limapereka ziphaso ndi kuyang'anira ntchito zawo, ndipo ndiko kopita ndi nkhani za netiweki, kiredito, mamega ndi kalembera wa makhadi. Nkhani za ndalama, kaya za kubanki kaya za M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, zili m'manja mwa Banco de Moçambique, imene imalandira madandaulo a anthu ndipo imafalitsa mndandanda wa mabungwe amene anthu awadandaula kwambiri. Mabungwe awiriwa amayembekezera kuti munayamba mwadandaula kukampani komweko, ndipo apa m'pamene nambala ija ya dandaulo, mapepala a kuloja ndi zithunzi za mauthenga zimagwira ntchito. Njira imeneyi ndi yochedwa, imafuna kalata ya Chipwitikizi, ndipo siyenera ndalama zochepa zimene munthu akuzifuna mawa. Koma pa ndalama zambiri, kapena pa vuto limene likubwerezabwereza, ndi yokhayo imene kampani singainyalanyaze, ndipo dandaulo lililonse lolembedwa kumeneko limawerengedwa ngakhale lanu litachedwa kutha.

Pamene vuto lili la mudzi wonse, monga nsanja imene imazima magetsi akangothima kapena dera limene foni imaduka tsiku lililonse, kuimba mmodzimmodzi n'kutaya nthawi, chifukwa woyankha foni adzakuuzani kuti muzime foni n'kuyatsanso. Zotere zimafuna kalata imodzi yosainidwa ndi anthu ambiri, yodutsa kwa amfumu kapena kwa mlembi wa bairro (dera la m'tauni), yopita kukampani ndi kuboma la distrito, komanso mawu pa wailesi za m'madera kapena pa Rádio Moçambique ya ku Tete, imene imaulutsa m'zinenero zathu. Mu Meyi 2024 mitengo yatsopano ya mafoni ndi intaneti itayamba kugwira ntchito, anthu, makamaka ophunzira, anadandaula poyera ndi kuyenda m'misewu ya Maputo, ndipo patangopita milungu yochepa mitengoyo inaimitsidwa. Palibe foni ya munthu mmodzi imene ikanachita zimenezo.

Ena amati njira yabwino ndi kungosintha kampani, ndipo n'zoona kuti mafoni ambiri kuno ali ndi makhadi awiri, lina la nambala yoyamba ndi 84 kapena 85, lina la 86 kapena 87, ena la 82. Khadi lachiwiri limathandiza tsiku limene netiweki ina yagwa, ndipo ndi limene mungaimbire pamene loyamba latsekedwa. Koma kusamuka sikubweza ndalama zimene zatayika kale, nambala yakale ndi imene abale ndi ogula anu amaidziwa, ndipo m'midzi yambiri nsanja ndi ya kampani imodzi yokha, kotero kuti palibe kothawira.

Ndikayerekeza zonsezi, ndimaona kuti njira iliyonse imene imagwiradi ntchito imafuna kuti munthu akhale ndi chimodzi mwa zinthu zitatu, Chipwitikizi, ndalama ya ulendo kapena foni yaikulu, ndipo mayi wogulitsa nyemba kawirikawiri alibe chilichonse mwa izi, chikhalirecho ndalama zake ndi zimene zadzaza ma ajenti a m'misika yathu. Makampani amene anatha kufikitsa nthambo ku Zumbo ndi ku Mutarara sangalephere kulemba ntchito achinyamata a ku Angónia, Macanga ndi Moatize, amene amaliza sukulu ndipo amalankhula Chichewa, Chinyungwe ndi Chisena kuphatikiza Chipwitikizi, kuti aziyankha mafoni a anthu a kwawo. Sangalepherenso kuika kusankha chinenero pa batani loyamba, kutumiza nambala ya dandaulo pa uthenga popanda munthu kuchonderera, ndi kuimbanso okha foni ikaduka pakati pa nkhani, popeza nambala ya woimbayo amaiona. Amene mudzalembe m'buku la madandaulo kapena kalata yopita ku INCM, onjezani mzere umodzi pansi pa vuto lanu wonena kuti munalephera kuthandizidwa m'chinenero chanu, ndipo mutchule boma limene mumakhala.